Mbiri ya Warfarin, Mankhwala a Makoswe Amene Anadzateteza Anthu ku Sitiroko

Warfarin ndi mankhwala akumwa amene amachedwetsa kuundana kwa magazi. Kwa zaka zoposa 50 madokotala ankadalira mankhwala amenewa ndi ena a mtundu wake poteteza anthu ku magazi oundana m'mitsempha, ndipo mpaka lero anthu mamiliyoni ambiri amawamwa tsiku lililonse. Ambiri mwa anthuwa ali ndi vuto la kagundidwe ka mtima lotchedwa atrial fibrillation, ndipo amamwa warfarin kuti asachite sitiroko. Mbiri ya mankhwalawa ili ndi magwero awiri. Kwina kunali madokotala amene ankafuna kumvetsa mtima wogunda mwachisawawa, kwina akatswiri a zaulimi amene ankafufuza chimene chinkapha ng'ombe ku North America. Ntchito ziwirizi zinadzakumana kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anthu ataphunzira kuyeza bwino magazi a munthu amene akumwa mankhwalawa.

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ziwiri zam'mwamba zimalandira magazi, ziwiri zam'munsi zimawapopa kupita kumapapo ndi kuthupi lonse. Mtima ukakhala bwino, zipinda zam'mwamba zimayamba kufinya, zam'munsi n'kutsatira. Munthu akakhala ndi atrial fibrillation, mphamvu yamagetsi yoyendetsa zipinda zam'mwamba imasokonekera, moti m'malo mofinya zimangonjenjemera maulendo mazana angapo pa mphindi imodzi, ndipo zam'munsi zimagunda popanda ndondomeko. Ena amamva mtima ukuthamanga, amachita befu pokwera kachitunda, amatopa msanga kapena kumva chizungulire. Ena samva kalikonse, ndipo vutolo limadziwika atachita kale sitiroko.

Madokotala akhala akumva kugunda kosalongosokaku pamkono wa odwala kuyambira kalekale, koma chochititsa chake chinadziwika mochedwa. James Mackenzie, dokotala wa ku Scotland amene ankagwira ntchito m'tauni ya Burnley ku England, anapanga kachipangizo kolemba papepala kugunda kwa mtsempha wapamkono ndi wapakhosi nthawi imodzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anaona kuti mtima wa wodwala ukayamba kugunda mwachisawawa, chizindikiro cha kufinya kwa zipinda zam'mwamba chimazimiririka papepalapo. Iye anaganiza kuti zipindazo zafa mphamvu. Mu 1906 Willem Einthoven wa ku Leiden anafalitsa zojambula za makina ake a ECG zosonyeza vutoli, ndipo mu 1909 Thomas Lewis ku London, komanso Carl Rothberger ndi Heinrich Winterberg ku Vienna, anatsimikiza kuti zipindazo sizinafe ayi, zikunjenjemera.

Chithandizo choyamba chinkalimbana ndi kagundidwe kokha. Digitalis, wochokera ku duwa la foxglove limene William Withering analemba za mphamvu yake mu 1785, ankachepetsa liwiro la mtima. Mu 1914 Karel Wenckebach anafotokoza za wamalonda wina wa ku Netherlands amene ankati mtima wake ukasokonekera amaubweza ndi kwinini, yemweyu wa malungo, ndipo mu 1918 Walter Frey anasonyeza kuti quinidine, mankhwala ofanana ndi kwinini, amachita bwino kuposa pamenepo. Mu 1962 Bernard Lown ku Boston anayambitsa njira yobwezera mtima m'malo mwake ndi mphamvu yamagetsi. Zonsezi zinkathandiza wodwala kupeza bwino, koma sizinkamuteteza ku choopsa chachikulu. Chipinda cham'mwamba chakumanzere chili ndi kathumba kakang'ono m'mbali mwake. Chipindacho chikasiya kufinya, magazi amadikha m'kathumbamo ngati madzi a pagombe la mtsinje pomwe pamaunjikana matope, kenako amaundana. Kachidutswa kakathothoka kamatengedwa ndi magazi mpaka kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Rudolf Virchow anali atafotokoza kale m'zaka za m'ma 1840 kuti magazi oundana amatha kuyenda chotere, koma kunalibe mankhwala akumwa owaletsa.

Mankhwalawo anatulukira kukhola. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, alimi a m'zigwa za kumpoto kwa United States ndi ku Canada, makamaka ku North Dakota ndi ku Alberta, anayamba kutaya ng'ombe m'njira yachilendo. Ng'ombe yooneka yathanzi ikadulidwa nyanga kapena kuthenedwa, magazi sankaleka kutuluka mpaka kufa. Zina zinkangopezeka zitafa, magazi atadzaza m'mimba ndi kunsi kwa chikopa. Frank Schofield, dokotala wa ziweto wa ku Ontario Veterinary College, anapeza kuti si matenda opatsirana. Chinkazipha chinali chakudya: udzu wouma wa mbewu yotchedwa sweet clover umene unachita chuku posungidwa uli wonyowa. Schofield anasankhula mapesi abwino ndi ochita chuku pamulu umodzi n'kudyetsa akalulu. Odya abwino anakhala moyo, odya a chuku anafa ndi kutaya magazi. Patapita zaka zingapo Lee Roderick wa ku North Dakota anasonyeza kuti m'magazi a ng'ombe zodwalazo munkachepa prothrombin, chimodzi mwa zinthu zothandiza magazi kuundana.

Malangizo anali osavuta kunena: lekani kudyetsa udzuwo. Koma imeneyo inali nthawi imene chuma cha America chinagwa, ndipo mlimi wotaya udzu wake analibe ndalama yogulira wina. Mu February 1933 mlimi wina dzina lake Ed Carlson anachoka ku Deer Park m'chigawo cha Wisconsin, n'kuyenda makilomita pafupifupi 300 m'mphepo ya chipale chofewa kupita ku Madison kukafuna dokotala wa ziweto wa boma. M'galimoto yake munali ng'ombe yakufa, mulu wa udzu wochita chuku, ndi chitini chonyamulira mkaka chodzaza magazi amene sankaundana. Linali Loweruka ndipo ofesi anaipeza yotseka. Poyesa zitseko za pa yunivesite ya Wisconsin anakalowa mu labotale ya Karl Paul Link, katswiri wa kemisitiri ya zaulimi. Link analibe chomuuza choposa chimene mlimiyo ankadziwa kale, ndipo Carlson anabwerera kwawo chimanjamanja. Wophunzira wa Link, Eugen Schoeffel, akuti tsiku limenelo ankangoviika manja m'chitinimo kudabwa kuti magaziwo akadali amadzimadzi.

Labotale ya Link inatha zaka 6 ikusaka chinthucho. Chovuta kwambiri chinali kudziwa ngati madzi osefedwa ku udzuwo ali ndi mphamvu kapena ayi, ndipo apa anathandizidwa ndi njira imene Armand Quick wa ku Milwaukee anatulukira mu 1935, yowerenga masekondi amene magazi amatenga kuti aundane mu labotale. Anaweta akalulu, kuwadyetsa, kuwatenga magazi, kuwerenga masekondi, n'kuyambanso. M'mawa wa pa 28 June 1939 Harold Campbell anaona timiyala tonyezimira pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. Mu 1940 Mark Stahmann ndi Charles Huebner anadziwa kapangidwe kake n'kuchipanga okha mu labotale. Zinapezeka kuti sweet clover ili ndi coumarin, chinthu chonunkhira chimene pachokha sichiletsa magazi kuundana, koma chuku chimachisandutsa dicoumarol, ndiye wopha ng'ombeyo. Mu 1941 madokotala a ku Mayo Clinic ndi ku Wisconsin General Hospital anayamba kupatsa odwala dicoumarol kuti magazi awo asaundane m'mitsempha. Pofika nthawiyi Henrik Dam wa ku Denmark anali atatulukira vitamini K pofufuza anapiye amene ankataya magazi, ndipo posakhalitsa zinaoneka kuti vitamini ameneyu amathetsa mphamvu ya dicoumarol.

Mu 1945 Link anadwala chifuwa chachikulu ndipo anagonekedwa miyezi ingapo. Ali chigonere ankawerenga mabuku a mmene anthu akhala akulimbanirana ndi makoswe. Khoswe ndi wochenjera: amalawa pang'ono chakudya chachilendo, ndipo akadwala nthawi yomweyo sachikhudzanso. Mankhwala opha pang'onopang'ono patapita masiku angamupusitse. Ophunzira a Link anali atapanga mitundu yoposa 100 yofanana ndi dicoumarol, ndipo iye anasankha wa nambala 42, amene anali wamphamvu kwambiri. Anamutcha warfarin potengera dzina la Wisconsin Alumni Research Foundation, bungwe limene linkalipira kafukufukuyo, ndipo mu 1948 anatulutsidwa monga mankhwala a makoswe. Anagulidwa kwambiri m'mafamu ndi m'nyumba zosungira mbewu, mpaka pamene makoswe osamva mankhwalawa anayamba kupezeka ku Scotland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Madokotala sankafuna kupatsa munthu mankhwala a makoswe, ngakhale Link ankanena kuti ndi abwino kuposa dicoumarol chifukwa amalowa bwino m'thupi ndipo mphamvu yake ndi yodziwikiratu. Maganizo anasintha mu 1951, mnyamata wina wongolowa kumene usilikali ku America atamwa warfarin wambiri kwa masiku angapo pofuna kudzipha. Anamupatsa magazi ndi vitamini K, ndipo anachira bwinobwino. Mu 1954 warfarin anavomerezedwa kukhala mankhwala a anthu ndipo ankagulitsidwa m'dzina lakuti Coumadin. Mu September 1955 pulezidenti Dwight Eisenhower anadwala mtima ali ku Denver, ndipo nkhani yakuti akumwa warfarin inachotsa mantha kwa ambiri. Chodabwitsa n'chakuti zaka zoposa 20 zinapita mankhwalawa akugwiritsidwa ntchito anthu asanadziwe bwino mmene amagwirira. Mu 1978 John Suttie ndi anzake, ku Wisconsin komweko, anasonyeza kuti warfarin amatsekereza njira imene chiwindi chimakonzeranso vitamini K kuti agwire ntchito kachiwiri. Vitamini K akasowa, chiwindi chimatulutsa zoundanitsa magazi zinayi zopanda mphamvu. N'chifukwa chake warfarin amatenga masiku angapo kuti ayambe kugwira: zoundanitsa zimene zili kale m'magazi ziyenera kutha kaye.

Vuto la warfarin kuyambira pachiyambi linali mlingo. Ukachepa, magazi amaundana ngati kuti munthu sakumwa kanthu. Ukachuluka, munthu amatuluka kamfuno, magazi m'nkhama, mumkodzo kapena m'chimbudzi, ndipo choopsa kwambiri n'kutuluka magazi mu ubongo. Mlingo woyenera munthu mmodzi ukhoza kuvulaza mnzake wa msinkhu ndi thupi lofanana. Choncho aliyense ankayenera kuyezedwa ndi njira ya Quick ija: amatenga madzi a m'magazi, kuthiramo calcium ndi thromboplastin, n'kuwerenga masekondi. Koma thromboplastin ankapangidwa kuchokera ku ubongo, ndipo sankafanana. Ku Britain, Leon Poller wa ku Manchester ankakonza wake kuchokera ku ubongo wa anthu n'kumagawira zipatala zambiri. Ku America makampani ankagulitsa wochokera ku ubongo wa akalulu, amene sankaonetsa msanga mphamvu ya mankhwala. Zotsatira zake, dokotala wa ku America wofuna nambala yofanana ndi ya mnzake wa ku Britain ankapereka warfarin wochuluka, ndipo odwala ake ankataya magazi kawirikawiri. Anthu ambiri anavulala chifukwa cha kusiyana kumeneku, mlandu n'kumagwera mankhwala. Mu 1982 Russell Hull ndi anzake ku Canada anasonyeza kuti mlingo wocheperapo umateteza mofanana koma kutaya magazi kumachepa kwambiri. Mu 1983 bungwe la World Health Organization linavomereza muyezo wa INR, umene umawerengera mphamvu ya thromboplastin aliyense kuti nambala ya ku labotale ina ifanane ndi ya kwina. Munthu wosamwa mankhwala amakhala ndi INR pafupifupi 1. Wa atrial fibrillation amafunika akhale pakati pa 2 ndi 3. Muyezo umenewu unapulumutsa anthu ambiri, ngakhale sutchulidwa kawirikawiri.

Nthawi yonseyi madokotala ankapereka warfarin makamaka kwa odwala atrial fibrillation amene mavavu awo, timazitseko ta m'kati mwa mtima, anawonongeka ndi matenda a rheumatic, oyamba ndi zilonda zapakhosi. Kwa okalamba amene mavavu ali bwino, ambiri ankaona ngati kugunda kosalongosoka ndi mbali ya ukalamba basi. Kafukufuku wa m'tauni ya Framingham ku Massachusetts, amene anatsatira anthu zikwi zingapo kuyambira 1948, anatsutsa zimenezi. Mu 1978 Philip Wolf ndi anzake analengeza kuti atrial fibrillation payokha imachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu, ndipo ikaphatikizana ndi matenda a rheumatic, ka 17. Funso linatsala lakuti kodi phindu la warfarin lingapose kuopsa kwake mwa anthu okalamba. Yankho loyamba linachokera ku Copenhagen mu 1989, m'kafukufuku wa AFASAK wa anthu 1,007 amene anagawidwa kuti ena amwe warfarin, ena asipirini, ena mapiritsi opanda mankhwala. Pofika 1993 akafukufuku ena asanu a ku America, ku Canada ndi ku Ulaya anali atatuluka, ndipo angapo anaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa sikunali koyenera kupitiriza kumana ena mankhwala amene phindu lake linali litaoneka. Zonse zitaphatikizidwa zinasonyeza kuti warfarin amachepetsa sitiroko ndi magawo pafupifupi 64 pa 100 alionse, pamene asipirini ndi mankhwala a mtundu wake amachepetsa ndi magawo pafupifupi 22 okha. Mu 2007 kafukufuku wa BAFTA ku Birmingham anapeza kuti phinduli lilipo ngakhale kwa anthu a zaka 75 kupita m'tsogolo. Madokotala anapanganso njira zowerengera chiopsezo cha munthu aliyense, CHADS2 mu 2001 ndi CHA2DS2-VASc mu 2010, zoyang'ana zaka, kuthamanga kwa magazi, shuga, kufooka kwa mtima ndi sitiroko yakale.

Odwala atachuluka, panakula ntchito yapadera ya zipatala zoyang'anira omwa warfarin ndi mankhwala a mtundu wake. Ku Netherlands zipatala zotere zinayamba kale ku Utrecht mu 1949, ndipo ku Britain wodwala aliyense amapatsidwa kabuku kachikasu kolembamo tsiku, INR, mlingo ndi tsiku lobwereranso. Mapiritsi a ku Britain amadziwika ndi mtundu: 1 mg ndi lofiirira, 3 mg labuluu, 5 mg lapinki, moti namwino amatha kuuza gogo kuti amwe labuluu limodzi ndi lofiirira limodzi. Ku America mitundu yake ndi ina, ndipo lapinki kumeneko ndi 1 mg, zimene zasokonezapo anthu osamuka. Ambiri amalangizidwa kumwa madzulo, kuti zotsatira za m'mawa zikafuna kusintha mlingo, usinthidwe tsiku lomwelo. Poyamba munthu amayezedwa pakapita masiku ochepa, INR ikakhazikika amatha kudikira milungu ingapo.

Chakudya chimalowererapo kwambiri. Ndiwo zamasamba obiriwira zili ndi vitamini K wambiri, ndipo kale odwala ena ankauzidwa kuti azisiye, amene anali malangizo olakwika. Chofunika n'kudya mofanana mlungu ndi mlungu. Munthu amene amadya nkhwani, mpiru kapena bonongwe tsiku lililonse m'dzinja koma n'kumadya zochepa m'chilimwe angaone INR yake ikusintha ndi nyengo. Mowa wambiri, kutsekula m'mimba ndi kusadya chifukwa cha matenda zimakweza INR. Mankhwala enanso amasokoneza: rifampicin wa chifuwa chachikulu amachititsa chiwindi kuphwanya warfarin msanga moti mlingo umafunika kukwezedwa kwambiri, pamene bakitirimu ndi fluconazole amawonjezera mphamvu yake. Brufen ndi asipirini amawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba. Warfarin amathanso kuvulaza mwana wosabadwa, makamaka m'miyezi itatu yoyamba.

Zovuta zimenezi zinachititsa makampani kufuna mankhwala osafuna kuyeza magazi pafupipafupi. Oyamba, ximelagatran, anachotsedwa pamsika mu 2006 chifukwa ankawononga chiwindi. Kenako kunabwera dabigatran, amene anavomerezedwa ku America mu 2010, rivaroxaban mu 2011, apixaban mu 2012 ndi edoxaban mu 2015. Amenewa sadzera kwa vitamini K. Amagwira mwachindunji choundanitsa chimodzi, amayamba kugwira ntchito pakapita maola ochepa, ndipo masamba sawasokoneza. Amateteza ku sitiroko mofanana ndi warfarin kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kutuluka magazi mu ubongo kumachepa pafupifupi ndi theka. Ali ndi zawonso zofunika kusamala: mphamvu yawo imatha msanga moti kuiwala kumwa tsiku limodzi kumasiya munthu wosatetezedwa, mlingo umadalira mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo mtengo wawo unali wokwera kwambiri kwa zaka zambiri. Mu 2019 World Health Organization inawaika pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, ndipo m'maiko olemera odwala atsopano ambiri amayambira pa iwo.

Komabe warfarin sanathe ntchito. Mu 2012 kafukufuku wa RE-ALIGN anaimitsidwa ataona kuti odwala oikidwa mavavu achitsulo amene ankamwa dabigatran ankachita sitiroko ndi kutaya magazi kuposa omwa warfarin. Panatsala odwala matenda a mtima a rheumatic, amene amayamba ndi zilonda zapakhosi zosachiritsidwa paubwana n'kudzawononga mavavu. Matendawa anatsala pang'ono kutheratu ku Ulaya ndi ku America, koma akadali ofala mu Africa ndi ku Asia, ndipo odwala ake sanaphatikizidwe m'kafukufuku wa mankhwala atsopano. Kaundula wa REMEDY, wotsogoleredwa ndi Bongani Mayosi ndi Liesl Zühlke a ku Cape Town, analemba odwala 3,343 m'maiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, komanso ku India ndi ku Yemen. Zotsatira za mu 2015 zinasonyeza kuti theka la odwalawo anali a zaka 28 kapena kucheperapo, ambiri anali akazi, ndipo mwa omwa mankhwala oletsa magazi kuundana amene anayezedwa, osakwana mmodzi mwa atatu anali ndi INR yoyenera. Piritsi la warfarin n'lotsika mtengo, koma ulendo wa kuchipatala chachikulu mwezi ndi mwezi, ndiponso labotale yokhala ndi zoyezera, n'zimene ambiri sankazikwanitsa.

Ambiri ankayembekezera kuti mankhwala osafuna kuyeza athetsa vuto limeneli. Kafukufuku wa INVICTUS anayesa zimenezi mwa odwala oposa 4,500 a matenda a rheumatic ndi atrial fibrillation m'maiko 24 a mu Africa, Asia ndi Latin America. Zotsatira zake zinatuluka mu 2022 ndipo zinali zosayembekezereka: omwa warfarin ndi mankhwala a mtundu wake anafa ochepa ndiponso anachita sitiroko ochepa kuposa omwa rivaroxaban, popanda kusiyana kwenikweni pa kutaya magazi koopsa. Ofufuzawo anaona kuti omwa warfarin ankaonana ndi dokotala kawirikawiri chifukwa choyezetsa INR, ndipo ambiri a iwo sanasiye mankhwala panjira. Malangizo a madokotala a mtima masiku ano amati odwala atrial fibrillation ambiri angamwe mankhwala atsopano, koma amene ali ndi vavu yachitsulo, kapena vavu yotchedwa mitral yopanikizika kwambiri chifukwa cha matenda a rheumatic, azimwabe warfarin ndi kuyezetsa INR nthawi ndi nthawi.